Funsani Wojambula Mapulani: Kuika Mabuloko Anu pa Tool Palette ya AutoCAD

Makalata amene alowa mwezi uno kuchokera kwa awerengi ojambula mapulani a nyumba akukamba nkhani imodzi, ya mabuloko ndi tool palette m'pulogalamu ya AutoCAD, choncho ndawasonkhanitsa pamodzi kuti yankho la wina lithandizenso mnzake. Kwa amene sagwira ntchito imeneyi, buloko imene tikunena pano si ya simenti yomangira khoma ayi, koma ndi chojambula chimene mizere yake yamangidwa pamodzi n'kupatsidwa dzina, monga chitseko, windo, chimbudzi kapena muvi wosonyeza kumpoto, kuti wojambula azichiika m'mapulani ambiri popanda kuchijambulanso. Tool palette, imene m'munsimu ndiziitchula kuti paleti, ndi kabokosi kokhala m'mbali mwa sikirini kamene kamaonetsa tizithunzi ta zida zoti munthu angodina n'kuika m'pulani.

FUNSO: A Mlangizi, ndimajambula mapulani a nyumba m'kaofesi ka anthu atatu. Nthawi iliyonse ndikayamba pulani yatsopano ndimatsegula yakale, n'kukopera zitseko, mawindo, zimbudzi ndi masinki, n'kudzamata m'yatsopanoyo. Mnzanga wina anandiuza kuti zonsezi ndingathe kuziika pa paleti. Ndinayesa kukokera chitseko pamenepo koma chinakana. Kodi ndiyambire pati? Ndine wojambula mapulani wa ku Area 25, Lilongwe.

YANKHO: Bambo, mnzanuyo anakuuzani zoona. Mapaleti analowa m'pulogalamuyi kuyambira pa AutoCAD 2004, ndipo alimonso mu AutoCAD LT, kotero kuti kaya mukugwiritsa ntchito iti, muli nawo kale. Chitseko chanu chinakana pa chimodzi mwa zifukwa ziwiri. Choyamba, AutoCAD salola kuti buloko ikokedwe kuchokera m'pulani imene sinasungidwe, choncho muyambe mwadina Ctrl ndi S. Chachiwiri, mwina munagwira pa kabokosi ka buluu kamene kamaoneka mukasankha chinthu, ndipo mukagwira pamenepo pulogalamuyo imaganiza kuti mukufuna kusuntha chitsekocho. Chofunika ndi kudina kamodzi kuti musankhe bulokoyo, kenako kuika muvi wa mausi pa mzere wake penapake pamene palibe kabokosiko, kudina osasiya, n'kukokera pa paleti.

Komabe ndikukupemphani kuti musathamangire kukoka zitseko kuchokera m'mapulani a makasitomala anu, chifukwa pali chinthu chimodzi chimene mafunso onse a mwezi uno atsamirapo. Chida cha pa paleti sichisunga buloko m'kati mwake. Chimene chimasunga ndi dzina la bulokoyo ndi adiresi ya fayilo imene ikukhalamo, pamodzi ndi malangizo a mmene iikidwire. Mukadina chida, AutoCAD amapita ku fayilo ija, amatenga buloko, n'kubwera nayo. Tsono ngati chitseko munachikoka kuchokera m'pulani ya nyumba imene munajambulira munthu wina ku Likuni chaka chatha, ndiye kuti tsiku limene mudzasinthe dzina la fayiloyo, kapena kuisamutsira pa fulashi chifukwa ntchito inatha, chida chanu chidzatsala chithunzi chokha chopanda ntchito. N'chifukwa chake ntchito yeniyeni imayambira pa kukonza nkhokwe ya mabuloko, ndipo paleti imabwera pambuyo.

Pangani foda imodzi imene simudzaisunthanso, mwachitsanzo C:\Laibulale, ndipo m'menemo muikemo mafayilo ochepa ogawidwa malinga ndi mitundu ya zinthu, ina ya zitseko, ina ya mawindo, ina ya za kubafa ndi kukhitchini, ina ya zizindikiro. Ena amakonda kuti buloko iliyonse ikhale fayilo payokha, ndipo lamulo la WBLOCK ndi limene limachita zimenezo, koma kwa ofesi ya anthu atatu ine ndimaona kuti mafayilo anayi kapena asanu okhala ndi mabuloko ambiri ndi osavuta kusamala, chifukwa mukatsegula fayilo ya zitseko mumaona zitseko zanu zonse zitandandalikidwa ndipo cholakwika chimaonekera msanga.

Buloko iliyonse isanalowe m'nkhokwemo muitsegule ndi lamulo la BEDIT n'kuiyeretsa. Mizere yake ikhale pa leya 0 (leya ndi gulu limene mizere ya zinthu zofanana, monga makoma kapena zitseko, imaikidwamo m'pulani), ndipo mtundu wake, kanenepedwe kake ndi kalembedwe kake zikhale ByLayer kapena ByBlock, kutanthauza kuti zizitengera leya kapena buloko. Leya 0 ili ndi khalidwe lapadera lakuti chimene chajambulidwapo m'kati mwa buloko chimatengera leya imene bulokoyo yaikidwapo, moti chitseko chomwecho chikaikidwa pa leya ya zitseko chimaoneka ndi mtundu wa zitseko, chikaikidwa pa leya ya zogumula chimasanduka cha mizere yoduladula popanda inu kuchikhudza. Mabuloko okopedwa m'mapulani akale nthawi zambiri amabwera atasenza maleya a maofesi ena, ndipo n'chifukwa chake mumapeza pulani ya nyumba ya zipinda zitatu ili ndi maleya ochuluka amene palibe akuwadziwa chiyambi chake. Lamulo la PURGE limachotsa zotsalira zoterozo mukamaliza kuyeretsa.

Musamalenso pogwirira pa buloko, pamene pa Chingerezi amati base point. Pa chitseko pogwirira pakhale pa kona ya felemu, mbali imene kuli mahinjesi, chifukwa pamenepo ndi pamene mumakhomera pa mzere wa khoma. Pa chimbudzi pakhale pakati pa msana wa thanki, pamene imagunda khoma. Ndinaonapo sinki imene pogwirira pake panali mamita angapo kunja kwa sinkiyo, ndipo aliyense amene ankaiika ankayamba waitaya pena pake n'kuikokanso ndi lamulo la MOVE, tsiku ndi tsiku, kwa zaka, pamene kukonza kwake sikukanatha ngakhale mphindi imodzi. Chilichonse chijambulidwe pa kukula kwake kwenikweni m'mamilimita, kotero kuti chitseko chofala chija cha 813 m'lifupi ndi 2032 m'litali chikhaledi 813 mukachiyeza. Mayina nawo akhale omveka ndi otsata dongosolo limodzi, monga CHITSEKO-813 kapena WINDO-1511, chifukwa mayina ngati Block1 ndi amene amadzagundana ndi a anthu ena.

Nkhokwe ikakonzeka, dinani Ctrl ndi 3 kuti mapaleti aonekere, dinani ndi batani la kumanja pa mutu wa kabokosiko, sankhani New Palette, n'kulemba dzina, tinene Zitseko. Tsopano mukhoza kukoka mabuloko imodziimodzi monga ndafotokozera, koma pali njira yachidule kwambiri. Dinani Ctrl ndi 2 kuti mutsegule DesignCenter, pezani fayilo yanu ya zitseko, dinani pa iyo ndi batani la kumanja, n'kusankha Create Tool Palette. Nthawi yomweyo paleti yatsopano imabadwa ili ndi dzina la fayiloyo ndi mabuloko ake onse, ndipo chida chilichonse chikuloza ku nkhokwe, kumene kuli koyenera.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasiyira, koma phindu lalikulu lili patsogolo. Dinani ndi batani la kumanja pa chida chimodzi n'kusankha Properties. Mudzaona dzina la buloko ndi Source file, imene ndi adiresi ija, ndipo m'munsi mwake mudzaona Scale, Rotation, Prompt for rotation ndi Explode, kenako Color, Layer ndi Linetype. Pa Layer sankhani leya ya zitseko ya ofesi yanu. Kuyambira pamenepo, kaya munali pa leya ya makoma kapena ya miyezo pamene mumadina, chitseko chidzagwera pa leya ya zitseko, ndipo ngati leyayo mulibe m'pulani imene mukujambula, AutoCAD adzaipanga yekha. Pa Prompt for rotation ikani Yes pa zinthu zimene zimatembenuka kawirikawiri monga zitseko ndi zimbudzi, kuti mukangoika pulogalamuyo ikufunseni kolozetsa, koma pa zizindikiro zimene zimaima chilili musiye No. Explode muisiye pa No nthawi zonse pokhapokha pa zinthu zimene mumafunadi kuzisintha mukaika, monga tebulo la mawu ofotokozera, chifukwa buloko yophwanyidwa singawerengedwenso kapena kukonzedwa pamodzi ndi zinzake. Simukuyenera kuchita zimenezi chida chimodzichimodzi, popeza mukagwira Ctrl n'kusankha zida zonse za zitseko, Properties imazisintha zonse pakamodzi. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene paleti imasiyanirana ndi kukopera ndi kumata, chifukwa mfundo za ofesi, zakuti chakuti chimakhala pa leya yakuti, zimachoka m'mutu mwa mwini ofesi n'kukakhala m'chida, ndipo mwana wasukulu amene wabwera kudzaphunzira ntchito amajambula molondola kuyambira tsiku loyamba.

Ngati muli ndi mabuloko osinthika, otchedwa dynamic block, amene anayamba pa AutoCAD 2006 ndipo chithunzi chawo pa paleti chimakhala ndi kachizindikiro ka mphezi, mudzapeza kuti Properties ikuonetsanso miyezo yawo. Mukhoza kukopera chida chimodzi katatu, china n'kuchiika pa 813, china pa 762, china pa chitseko cha mbali ziwiri, zonse zikuchokera ku buloko imodzi. Add Text ndi Add Separator zimathandiza kugawa paleti, kuti zitseko za panja zikhale pamwamba ndipo za m'kati zikhale pansi.

Mukamaliza kukonza paleti, tsekani AutoCAD bwinobwino n'kumutsegulanso musanayambe ntchito ina. Zimene mwasintha pa paleti zimalembedwa m'mafayilo ake pamene pulogalamuyo ikutsekedwa, ndiye magetsi akathima kompyuta ilibe batire, ntchito ya masana onse imatha kupita ngakhale kuti mapulani anu munawasunga.

FUNSO: Ndinatenga mabuloko a za kubafa pa intaneti n'kuwaika pa paleti. Ndikaika chimbudzi chimabwera chachikulu kuposa nyumba yonse, pamene bafa limabwera laling'ono losaoneka n'komwe. Kodi paleti yanga yawonongeka? Ndine wophunzira wa zomangamanga ku Blantyre.

YANKHO: Mwanawe, paleti yako ili bwino, vuto lili pa mayunitsi. Fayilo iliyonse ya AutoCAD ili ndi nambala yotchedwa INSUNITS, imene imanena kuti yuniti imodzi m'fayilomo ikuimira chiyani: 1 ndi inchi, 4 ndi milimita, 6 ndi mita, ndipo 0 ndiye kuti sizinanenedwe. Pamene buloko ikuchoka ku fayilo ina kupita ku ina, pulogalamuyo imayerekeza manambala awiriwo n'kukuza kapena kuchepetsa bulokoyo kuti igwirizane. Zimenezi zimayenda bwino ngati manambalawo akunena zoona. Koma taganiza za chimbudzi chimene munthu anachijambula cha mayunitsi 700 akutanthauza mamilimita, pamene fayilo yake inatsala ikunena kuti ndi ya mainchi. Chikamalowa m'pulani yako ya mamilimita, AutoCAD amachulukitsa 700 ndi 25.4, chifukwa inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, ndipo chimbudzicho chimabwera cha mamilimita 17,780, pafupifupi mamita 18. Bafa lako lija n'kutheka kuti linajambulidwa m'mamita, lotalika mayunitsi 1.7, koma fayilo yake ikunena kuti ndi mamilimita, ndiye likulowa losakwana mamilimita awiri.

Usayese kukonza zimenezi polemba nambala pa Scale ya chida, ngakhale kuti zingaoneke ngati zatheka, chifukwa udzakhala wabisa cholakwika chimene chidzatulukenso tsiku limene mnzako adzatenge bulokoyo mwa njira ina. Tsegula fayilo ya bulokoyo, yeza chinthucho ndi lamulo la DIST kuti udziwe mayunitsi amene mwini wake ankaganiza, chikuze kapena kuchichepetsa kuti chikhale m'mamilimita enieni, lemba INSUNITS n'kuika 4, ndipo uonenso Block unit ya bulokoyo kuti nayonso ikunena Millimeters. Pamenepo ndi pamene chingalowe m'nkhokwe yako. Zinthu zambiri za pa intaneti zimachokera ku America kumene amayeza m'mainchi ndi m'mafiti, choncho kuyeza kumeneku kukhale chizolowezi pa chilichonse chimene watenga kunja.

Pali gulu lina la mabuloko limene kukula kwake kumatsata pepala, osati nyumba, monga muvi wa kumpoto, chizindikiro chodulira nyumba ndi timabwalo ta manambala a zitseko. Kabwalo ka nambala kayenera kuoneka kofanana kukula pa pepala kaya pulani ndi ya sikelo ya 1:100 kapena ya 1:50. Mabuloko oterowo uwapange kukhala annotative, njira imene inabwera ndi AutoCAD 2008, kuti azitsata sikelo imene wasankha pansi pa sikirini. Ngati aphunzitsi ako amagwiritsabe ntchito njira yakale, pa Properties pali Auxiliary scale, pamene ungasankhe Dimscale kuti chizindikirocho chizikula mofanana ndi miyezo.

FUNSO: A Mlangizi, ofesi yathu ili ndi makompyuta asanu. Ndinakonza mapaleti abwino pa kompyuta yanga, ndinachita Export n'kupatsa anzanga pa fulashi. Kwa iwo tizithunzi tikuoneka koma akadina akuuzidwa kuti fayilo sikupezeka. Komanso ndikaonjezera buloko yatsopano ndimayenera kuzunguliranso makompyuta onse. Kodi palibe njira ina? Ndine mayi woyang'anira ojambula, Mzuzu.

YANKHO: Mayi, chimene mwakumana nachochi ndi chija ndanena m'yankho loyamba, kuti chida ndi cholozera chabe. Mukalemba lamulo la CUSTOMIZE n'kuchita Export, mumapeza fayilo ya XTP ndi foda ya tizithunzi pambali pake, koma mabuloko enieniwo samalowamo. Anzanu alandira zida zimene zikufunafuna fayilo pa adiresi ya pa kompyuta yanu, ndipo ngati nkhokweyo munaiika pa Desktop kapena mu Documents, adiresiyo ili ndi dzina lanu lolowera pa Windows, limene pa makompyuta a anzanu palibe.

Ngati ofesi yanu ilibe netiweki, mankhwala ake ndi kugwirizana adiresi imodzi yopanda dzina la munthu, monga C:\Laibulale, n'kukopera foda yomweyo pa kompyuta iliyonse, kenako kukonza Source file ya zida zanu kuti ziloze kumeneko musanachite Export. Njira imeneyi imagwira ntchito, ndipo ili ndi ubwino wakuti amene watenga laputopu kupita nayo kumalo omangako amakhala ndi zonse, koma imafuna mwambo, chifukwa pakangopita miyezi ingapo mumapeza kuti nkhokwe zisanu zija zasiyana, aliyense wakonza yake.

Ngati makompyuta anu ndi olumikizana, ngakhale kuti mulibe seva yeniyeni koma kompyuta imodzi imene imakhala yoyaka tsiku lonse, pali njira imene ndimaikonda kwambiri. Mapaleti amasungidwa m'mafayilo a ATC, ndipo kumene AutoCAD amawafuna kunalembedwa mu Options, pa Files, pa mzere wa Tool Palettes File Locations. Pangani mafoda awiri pa kompyuta yogawanayo, ina ya mabuloko, ina ya mapaleti. Pa kompyuta yanu lozetsani mzere umenewu ku foda ya mapaleti, pangani mapaleti anu kuchokera ku nkhokwe ya pa netiweki, n'kutseka AutoCAD kuti alembedwe. Kenako pa kompyuta ya mnzanu aliyense onjezerani adiresi yomweyo. Kuyambira pamenepo, mukaonjezera chida, onse amachipeza akatsegulanso pulogalamuyo, popanda fulashi. Polemba adiresi ndi bwino kugwiritsa ntchito dzina la kompyutayo, loyamba ndi timizere tiwiri topendekeka, kusiyana ndi chilembo monga Z, chifukwa chilembo chimene kwa inu ndi Z kwa mnzanu chikhoza kukhala Y.

Chinthu chimene ndikukupemphani kuti musachinyalanyaze ndi chilolezo. Mafoda awiriwo akhale oti inu nokha, kapena munthu mmodzi amene mwamusankha, ndi amene angalembemo, ndipo ena onse azingowerenga. Paleti yotero imaonetsa kaloko pakona pake. Mu ofesi ina imene ndinagwirako ntchito tinasiya foda yotsegukira aliyense, ndipo popeza AutoCAD amalemba mapaleti potseka, amene ankaweruka pomalizira ndi amene ankafafaniza zimene anzake anaonjezera masana. Tinatha masabata tikukayikirana tisanazindikire kuti palibe amene ankachita dala. Anzanu musawamane malo awoawo, popeza mzere uja umalola maadiresi angapo, ndipo adiresi ya pa kompyuta yawo ikhoza kutsala kuti azisungirako zida zimene amazikonda okha.

Pali zinthu zina ziwiri zing'onozing'ono. Magulu a mapaleti, amene mumawapanga mu CUSTOMIZE kuti a zomanga akhale paokha ndipo a zamagetsi paokha, sayenda pamodzi ndi mafayilo a ATC, koma amatumizidwa padera ngati fayilo ya XPG. Ndipo ngati wina mu ofesimo ali ndi AutoCAD wa pakati pa 2013 ndi 2017, sungani mafayilo a nkhokwe m'kalembedwe ka DWG 2013, chifukwa kalembedwe ka 2018 pulogalamu yakale singakatsegule, ndiye chida chidzalephera ngakhale adiresi ili yolondola.

FUNSO: Ndinakonza windo m'fayilo ya nkhokwe, ndinaonjezera mzere wa sili ya m'munsi mwa windolo, koma ndikaliika m'pulani imene ndinayamba sabata yatha likubwerabe lakale. Ndalakwitsa pati? Ndine mmisiri wojambula wa ku Chipata.

YANKHO: Achimwene, simunalakwitse. Buloko ikalowa m'pulani koyamba, pulaniyo imasunga kope lakelake, ndipo ulendo wotsatira AutoCAD akaona kuti dzinalo lilimo kale sapitanso ku nkhokwe. Anachita dala kuti pulani imene inavomerezedwa kale ku khonsolo isamasinthe yokha munthu wina akakhudza nkhokwe. Kuti mutenge windo latsopanolo, tsegulani pulaniyo, dinani ndi batani la kumanja pa chida cha windolo n'kusankha Redefine, ndipo mawindo onse a dzina limenelo m'pulanimo adzasintha pakamodzi. Ngati munasinthanso timawu tolembamo, totchedwa attribute, monga nambala ya windo, tsatizani ndi lamulo la ATTSYNC kuti mawindo amene analimo kale alandire kusinthako. Kachithunzi ka pa paleti nako sikasintha kokha, kamafuna Update tool image. Khalidwe lomweli ndi limene limachititsa kuti mukalandira pulani ya ofesi ina imene ili ndi buloko ya dzina lofanana ndi yanu, mudine chida chanu koma n'kutuluka chitseko chawo, ndipo n'chifukwa chake ndimalangiza kuti mayina a mabuloko anu aziyamba ndi zilembo ziwiri kapena zitatu za dzina la ofesi yanu.

FUNSO: Ife timagwiritsa ntchito AutoCAD Architecture. Ndafunafuna Export ya mapaleti imene anzanga a AutoCAD wamba amanena koma sindikuipeza, ndiponso ndikufuna chimbudzi chimene chizioneka bwino pa pulani ndi pa chithunzi cha m'mbali. Ndine wojambula wa ku Malawi amene ndikugwira ntchito ku Johannesburg.

YANKHO: Bambo, AutoCAD Architecture, amene kale ankatchedwa Architectural Desktop, ali ndi mapaleti ooneka mofanana ndi a AutoCAD wamba koma kagawidwe kake n'kosiyana. Kumeneko zida zimagawidwa kudzera mu Content Browser, imene imatseguka ndi Ctrl ndi 4. Mumapanga katalogi yatsopano pa foda yogawana, mumakokeramo mapaleti anu, ndipo anzanu amaonjezera katalogiyo kwawo n'kukokera mapaletiwo pa sikirini yawo. Paleti yotengedwa motero ikhoza kukhala yolumikizidwabe ku katalogi, moti inu mukasintha chida, iwo amangochita Refresh.

Musanakoke chilichonse, siyanitsani zinthu zitatu zimene m'pulogalamu imeneyi zimaoneka ngati chimodzi. Zitseko, mawindo ndi makoma si mabuloko, koma ndi zinthu zodziwa ntchito yake, zimene chitseko chikaikidwa chimaboola chokha khoma, ndipo chida chake chimapangidwa pokoka sitayelo kuchokera mu Style Manager. Mabuloko wamba amakokedwa monga ndafotokozera kumayambiriro. Chimene inu mukufuna pa chimbudzi ndi chachitatu, chotchedwa multi-view block. Mumajambula mabuloko osiyana, ina ya chimbudzi chikamaonedwa kuchokera pamwamba, ina ya kutsogolo, ina ya m'mbali, ndipo ngati mukufuna inanso ya 3D, onse ali ndi pogwirira pamalo amodzi. Kenako mu Style Manager, pansi pa Multi-Purpose Objects, mumapanga multi-view block yatsopano n'kuuza pulogalamuyo kuti buloko iti ionekere mbali iti. Mukasunga fayiloyo m'nkhokwe n'kukokera chinthucho pa paleti, tsegulani Properties n'kuona zinthu ziwiri, kuti adiresi ya fayilo ikuloza ku nkhokwe ya ofesi, ndiponso kuti Layer key ndi yoyenera, chifukwa kuno leya imasankhidwa kudzera m'dongosolo la maleya la ofesi, osati polemba dzina lake pa chida. Pogwirira pakasiyana pa mabuloko amenewa mudzaona chimbudzi chikulumpha malo mukatembenuza nyumba, ndipo cholakwika chimenechi ndi chimene ndimachipeza kawirikawiri kwa ongoyamba kumene.

FUNSO: Kuyambira AutoCAD 2020 lamulo la INSERT limatsegula Blocks palette. Kodi tool palette ikufunikabe? Ndine mwerengi wa ku Zomba.

YANKHO: Bambo, ikufunikabe. Blocks palette ndi yabwino pofufuza, chifukwa imaonetsa mabuloko a m'pulani imene mwatsegula, amene mwagwiritsa ntchito posachedwapa ndi a m'mafoda ena, ndipo ine ndimaitsegula ndikafuna chinthu chimene ndimaika mwa apo ndi apo, monga thanki ya madzi kapena galimoto ya m'galaja. Koma siisungira buloko iliyonse leya yake ndi malangizo ake mmene chida cha pa tool palette chimachitira, ndiponso tool palette imalandira zinthu zina zimene si mabuloko, monga hatch (timizere todzaza malo) ya njerwa kapena ya konkire yokhala kale ndi sikelo yake, miyezo, ndi malamulo amene mumawagwiritsa ntchito kawirikawiri. Zinthu makumi awiri kapena atatu zimene zimalowa m'pulani iliyonse ya nyumba muziike pa tool palette zitakonzedwa leya ndi katembenuzidwe, ndipo zotsalazo muzizifuna kudzera mu Blocks palette kuchokera m'nkhokwe yomweyo.